Nyanja ya m'galasi sagula ngati firiji

Anthu a ku Zomba adazolowera kugula katundu wa anthu omwe akusamuka. Mzindawu udali likulu la dziko lino mpaka mu 1975 pomwe boma lidasamukira ku Lilongwe, ndipo kuyambira kalekale kumafika alendo odzagwira ntchito kwa zaka zingapo n'kubwerera kwawo. Lero ndi aphunzitsi a pa yunivesite, ogwira ntchito m'mabungwe komanso a mipingo. Nthawi yochoka ikakwana, mwini katundu amatulutsa mipando, firiji, makatani ndi mabuku n'kuika mitengo. Wofika msanga amatola nkhwangwa ndi mpini womwe.

Njira ina yomwe katundu wogwirapo kale ntchito amalowera m'makomo ndi ya ku Joni. Abale omwe akugwira ntchito m'nyumba za mabwana ku Johannesburg, Durban kapena Cape Town amapatsidwa kapena kugula motchipa zinthu zomwe eni ake atopa nazo, n'kuzikweza pa malole obwera kumudzi.

Pakati pa katundu wotereyu pali mmodzi yemwe ndi wosowa kwathu kuno, koma maiko ngati South Africa, Germany, Britain ndi America amagulitsidwa tsiku ndi tsiku. Ili ndi thanki lalikulu la galasi losungiramo nsomba za m'nyanja yamchere, pamodzi ndi mapampu, nyali ndi makina ake. Likakhala pabalaza, madzi ali mbee, nsomba zachikasu ndi zobiriwira zikuyenda pakati pa miyala, munthu amaiwala kuti wabwerera chiyani. Mwini wake akatchula mtengo wotsika, mtima umati gula.

Komatu akulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Firiji ikazimitsidwa lero, mawa imayaka bwinobwino. Thanki la nsomba likazimitsidwa usiku umodzi, m'mawa mumatha kupezeka mitembo. Wogulitsa ndi wogula onse amayenera kudziwa kuti chomwe akupatsana ndi zamoyo, komanso udindo wozisamala tsiku lililonse.

Kodi m'galasimo mumakhala chiyani?

Thanki lamtunduwu limatsanzira malo a pansi pa nyanja yamchere pomwe pamamera makorali. Ambiri akaona makorali amayesa maluwa kapena miyala yokongola, koma ndi tinyama ting'onoting'ono tokhala m'magulu. Mitundu yambiri imapanga chigoba cholimba ngati mwala wa laimu, ndipo m'matupi mwake mumakhala ndere zosaoneka ndi maso zomwe zimapanga chakudya pogwiritsa ntchito kuwala kwa dzuwa. Ichi n'chifukwa chake thankili limafuna nyali zamphamvu zoyaka maola asanu ndi atatu kapena kuposerapo patsiku.

Pansi pa thanki, m'kabati momwe mlendo saona, mumakhala thanki lina laling'ono. Madzi amatsikira mmenemo, n'kudutsa m'makina otchedwa skimmer omwe amachotsa zonyansa kudzera m'thovu, kenako pampu imawakankhira m'mwamba. Mapampu ena amakhala m'kati, ntchito yawo n'kuyendetsa madzi ngati mafunde. Pamakhalanso chotenthetsera madzi, chifukwa zamoyozi zimafuna kutentha kwa madigiri 24 mpaka 26, usana ndi usiku, chilimwe ndi dzinja.

Ngakhale miyala ya m'thankimo ili ndi ntchito. M'timabowo take mumakhala mabakiteriya omwe amasintha poizoni wochokera m'ndowe za nsomba kuti asakhale woopsa. Miyalayi ikauma, mabakiteriyawo amafa, ndipo thanki limafunika masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi kuti likhalenso lotetezeka kwa nsomba.

Ulimi wa nsomba zoonerawu udatchuka kwambiri m'maiko a azungu.  Koma ntchitoyi ndi yotopetsa komanso yodya ndalama, ndipo n'chifukwa chake mathanki ogwirapo kale ntchito sasowa pamsika kumeneko. Wina akusamuka, wina wabereka mwana ndipo nthawi yamuchepera, wina bilu ya magetsi yamukwana.

Masamu a madzi ndi mchere

Tiyerekeze thanki lotalika masentimita 150, mulifupi 60, msinkhu 60. Limalowa madzi okwana malita 540, zomwe ndi ndowa 27 za malita 20. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho madzi okha ndi ofanana ndi matumba 11 a chimanga a makilogalamu 50. Galasi lopanda kanthu, ngati ndi lochindikala mamilimita 12, limalemera pafupifupi makilogalamu 100. Mukaonjezera miyala, mchenga ndi choikapo chake, katundu yense amapitirira makilogalamu 700, onsewo atakhala pamalo ochepa kuposa bedi la munthu mmodzi. Tebulo wamba silingapirire, ndipo simenti yopendekeka pang'ono pokha imatha kung'ambitsa galasi.

Nkhani ya mchere ndiyo imadabwitsa ambiri. Lita iliyonse ya madzi a m'nyanja yamchere imakhala ndi magalamu pafupifupi 35 a mchere. Kudzaza thanki la malita 540 kumafuna makilogalamu pafupifupi 19. Ndipo mchere wa kukhitchini, kaya wa m'paketi kaya wamibulu wa pamsika, sugwira ntchito. Umafunika wopangidwa mwapadera, wosakaniza ndi zinthu monga kashiamu ndi maginiziyamu zomwe makorali amamangira zigoba zawo. Mchere wotere umachokera kunja.

Kudzaza kamodzi sikokwanira. Oweta ambiri amachotsa gawo limodzi mwa magawo khumi a madzi pa masabata awiri aliwonse n'kuthira atsopano. Pa thanki lathuli, ndiye kuti pachaka pamapita mchere wina wokwana thumba lathunthu la makilogalamu 50. Pamene ndalama ya kwacha idatsika mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 n'kutsikanso ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse chochokera kunja chidakwera mtengo, ndipo mchere wa nsomba sukadasiyana ndi katundu wina.

Wina angafunse kuti bwanji osangokatunga madzi ku nyanja. Dziko lino lilibe gombe la nyanja yamchere. Yapafupi ndi nyanja ya Indian ku Mozambique, kumadera ngati Quelimane, Nacala ndi Beira, mtunda wa makilomita mazanamazana. Nyanja ya Chilwa, yomwe imaoneka bwino munthu ali pamwamba pa phiri la Zomba, ili ndi kamchere ndithu kaamba koti ilibe mtsinje wotulutsa madzi, koma mchere wake ndi wochepa komanso ndi wamtundu wina. Ndi madzi a matemba, makumba ndi milamba. Nsomba ya ku nyanja yamchere singakhalemo.

Madzi a pampopi nawo sathiridwa mwachisawawa. Amakhala ndi mankhwala a kulorini ophera tizilombo, omwe ndi abwino kwa anthu koma amawononga makha a nsomba ndi kupha mabakiteriya ofunika aja. Oweta makorali amayamba awasefa ndi makina ena apadera, omwenso amafuna kusintha zosefera zake pakapita miyezi.

Magetsi ndiwo mtima wake

Zipangizo zonsezi zimayendera magetsi, ndipo mapampu sapumula. Ngati zonse pamodzi zikudya mawati 300 pa avareji, patsiku zimamaliza mayuniti opitirira 7, pamwezi opitirira 200. Banja lililonse lomwe limagula mayuniti likudziwa tanthauzo la nambala imeneyi.

Koma vuto lalikulu ndi kuthima kwa magetsi. Magetsi ambiri a dziko lino amapangidwa pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mu January 2022 namondwe wa Ana adawononga damu la ku Kapichira, ndipo dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yopitirira chaka. M'miyezi imeneyo maboma ambiri ankakhala maola ochuluka opanda magetsi tsiku ndi tsiku.

Pampu ikaima, madzi amaima. Madzi akaima, mpweya womwe nsomba zimapuma umayamba kuchepa, ndipo madzi amchere amasunga mpweya wochepa kuyerekeza ndi madzi a mumtsinje. M'thanki lodzaza nsomba, maola ochepa okha ndi okwanira kuti ziyambe kupumira pamwamba, zikuluzikulu n'kuyamba kufa. Imodzi ikafa n'kuola, imawononga madzi n'kupha zinzake.

Kwa wokhala ku Zomba palinso kuzizira. M'miyezi ya June ndi July, chiperoni chikagwa, ngakhale m'tauni anthu amafunda mabulangete awiri. Pamwamba pa phiri, pomwe nsonga ya Malumbe imapitirira mamita 2,000, ndiye kumazizira koposa. Chotenthetsera madzi chikazima usiku wotere, kutentha kwa thanki kumatsika ndipo makorali amavutika. Choncho wogula thanki lotere amayenera kuwerengeranso mtengo wa mabatire, inveta, sola kapena jenereta. Walira mvula walira matope.

Phunziro la nsomba za paphiri

Zomba ili ndi mbiri yakeyake ya nsomba zochokera kutali. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, atsamunda omwe ankakonda kuwedza adabweretsa nsomba zotchedwa trout n'kuziika m'mitsinje ya pamwamba pa phiri. Padakhazikitsidwanso malo oziswetsera, ndipo mpaka lero aliyense wokwera phirili, kudutsa pa Ku Chawe ndi damu la Mulunguzi, amamva dzina loti Trout Farm.

Nsombazi zidakhazikika chifukwa chimodzi: phirilo lidazipatsa zomwe zidazolowera kwawo. Trout imafuna madzi ozizira, oyera, othamanga, ndipo madzi akamayandikira madigiri 25 imafooka mpaka kufa. Mtsinje wa Mulunguzi kumtunda kwake udali ndi madzi otere popanda munthu kulipira yuniti ngakhale imodzi. Nsomba yomweyo mutaitsitsira ku Kachulu mwezi wa October, siingathe sabata.

Apa ndi pomwe pagona kusiyana. Trout idapeza kwawo kwachiwiri paphiri. Makorali ndi nsomba zake sangapeze malo otere paliponse m'dziko muno. Mchere, kutentha, kuwala ndi mafunde, zonse ayenera kuzipanga ndi munthu, ndi ndalama zake, osaphonya tsiku.

Wogulitsa ayambe ndi zamoyo

Omwe adagulitsapo mathanki otere m'maiko momwe ndi ofala amagwirizana pa mfundo zingapo. Yoyamba ndi yowawa: ndalama zomwe munthu adalowetsa sizibwerera. Nthawi zambiri kupeza theka la mtengo wogulira kumakhala mwayi, ndipo thanki likakula, ogula amachepa chifukwa si nyumba iliyonse ingalilandire. Kuno komwe oweta ndi owerengeka, msika ndi wochepa koposa.

Yachiwiri ndi nthawi. Munthu wodikira mpaka sabata yomaliza asadakwere ndege amagulitsa mothamanga kwa aliyense wobwera ndi ndalama, ngakhale wosadziwa kanthu za nsomba. Ndi bwino kuyamba miyezi iwiri kapena itatu tsiku losamuka lisadafike.

Yachitatu ndi dongosolo. Zoyamba kuchoka zikhale nsomba ndi makorali, ndipo zipite kwa munthu yemwe ali kale ndi thanki lamchere lomwe likuyenda bwino. Ngati wogula sapezeka, kupereka ulere kwa wodziwa kusamala n'kwabwino kusiyana n'kugulitsa kwa wongotengeka ndi maonekedwe. Kenako ichoke miyala, itanyamulidwa m'zigubu za madzi amchere kuti isaume. Zikatero mapampu, nyali ndi makina ena atsukidwe. Viniga wothira madzi amachotsa bwino zoyera zolimba zomwe zimamatirira pa zipangizo. Galasi limachoka pomaliza.

Kugulitsa chimodzichimodzi kumabweretsa ndalama zochulukirapo koma kumatenga nthawi. Kugulitsa zonse pamodzi n'kwachangu koma mtengo umatsika. Aliyense amasankha malinga ndi masiku omwe watsala nawo.

Chachikulu pa zonsezi ndi chilungamo. Wogulitsa anene zaka zomwe thanki lagwira ntchito, ngati lidadonthapo, ngati pampu ina imavuta kuyaka, komanso ngati nsomba zidadwalapo posachedwa. Anenenso ngati adathirapo mankhwala okhala ndi kopa. Mankhwalawa amachiza matenda ena a nsomba, koma amalowerera m'miyala ndi mumchenga, ndipo amapha makorali, nkhono ndi nkhanu ngakhale patapita nthawi. Kubisa zimenezi n'kumugulitsa mnzako maliro.

Wogula asachite manyazi kufunsa

Safunsa adadya phula. Wogula wanzeru amapempha kuliona thanki lili lodzaza, zipangizo zonse zikuyenda. Thanki lopanda madzi limabisa zambiri.

Choyamba kuyang'ana ndi m'makona, momwe magalasi adalumikizidwa ndi guluu wa silikoni. Guluuyo akayamba kumatuka, kuuma kapena kukhala ndi timathovu m'kati, ndiye kuti tsiku lina adzalekerera. Ndowa 27 za madzi amchere zitakhuthukira pabalaza usiku, pomwe pali mawaya a magetsi, si nkhani ya nsomba zokha ayi, ndi moyo wa ana m'nyumbamo. Mng'alu uliwonse pagalasi, ngakhale waung'ono, ndi chifukwa chokwanira chosiyira malondawo. Zokalika nazo zimaoneka bwino munthu akaunika ndi tochi chammbali.

Choikapo thanki chionedwenso. Mchere umadya chitsulo, ndipo thabwa lomwe lakhala likunyowa kwa zaka limafufuma n'kufooka.

Pa zipangizo za magetsi, wogula awerenge zolembedwa pa chilichonse. Magetsi a kuno ndi a mavoti 230, chimodzimodzi a ku South Africa, kungoti mapulagi a kumeneko ndi a mano obulungira pomwe athu ndi a mano amakona. Pamenepo kusintha pulagi n'kokwanira. Koma zipangizo zopangidwira msika wa ku America ndi za mavoti 120, ndipo zikalumikizidwa mwachindunji zimapsa nthawi yomweyo. Funso lina lofunika n'lakuti: chipangizochi chikawonongeka, china chipezeka kuti, ndipo chidzafika patatha masiku angati? Nsomba sizingadikire katundu wochokera ku Joni kwa masabata awiri.

Ponyamula, lamulo ndi limodzi: thanki silinyamulidwa muli madzi, mchenga kapena miyala. Ngakhale madzi ochepa otsalira pansi amagwedezeka n'kukankha magalasi. Pamafunika amuna anayi kapena kuposerapo, galimoto ya pansi posalala, matiresi kapena mabulangete oyala, ndi dalaivala wodekha. Aliyense wodziwa msewu wokhotakhota wotsika paphiri la Zomba, kapena misewu yafumbi ya ku Chikanda ndi Chinamwali nthawi yamvula, akumvetsa chifukwa chake. Likafika, liyambe ladzazidwa ndi madzi wamba panja, pamalo osalala, kwa masiku awiri kapena atatu kuti lioneke ngati silikudontha.

Pachipata pali malamulo

Kwa omwe akuganiza zotumiza thanki kuchokera ku South Africa, galasi ndi makina zikhoza kuyenda ngati katundu wina aliyense, msonkho wake n'kulipiridwa. Zamoyo ndi nkhani ina. Ulendo wa pamsewu wodutsa pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka pachipata cha Mwanza umatenga masiku awiri kapena kuposerapo, m'malo otentha kwambiri. N'kovuta kuti nsomba ya m'thumba la pulasitiki ifike yamoyo.

Kupatula apo, lamulo la za nsomba la mu 1997 limapatsa nthambi ya boma yoona za nsomba mphamvu zoyang'anira kulowetsa nsomba zamoyo m'dziko muno, ndipo munthu amayenera kukhala ndi chilolezo. Makorali olimba nawo ali pa mndandanda wa zachilengedwe zotetezedwa ndi pangano la maiko la CITES, lomwe dziko la Malawi lidalowamo mu 1982. Panganoli limakhudza ngakhale zigoba za makorali akufa. Woona za mapepala ake kuno ndi nthambi ya malo osungirako nyama zakutchire. Kuwolotsa zinthuzi mozemba kungachititse munthu kulandidwa katundu kapena kuimbidwa mlandu.

Osakataya mumtsinje

Pali chinthu chimodzi chomwe mwini nsomba asamachite ngakhale zitavuta bwanji: kukazitaya mumtsinje kapena m'damu poganiza kuti akuzichitira chifundo. Nsomba ya m'madzi amchere imafa mozunzika ikaikidwa mumtsinje. Koma nsomba zoonera za m'madzi opanda mchere, zomera za m'thanki ndi matenda ake, zimatha kupulumuka n'kufalikira.

Madzi a Mulunguzi amathira mu Likangala, ndipo Likangala amathira mu Chilwa. Nyanjayi ikaphwa, monga zidachitikira mu 1968 ndi 1995, nsomba zake zimathawira m'mitsinje yomweyi ndi m'madambo, n'kudzabwerera madzi akadzadza. Choipa chilichonse cholowa mumtsinje ku Zomba chimakafika pa mbale ya banja la ku Kachulu ndi pachilumba cha Chisi.

Zitsanzo zilipo. Namasupuni yemwe amatseka mtsinje wa Shire n'kusokoneza makina opangira magetsi kwawo ndi ku South America, ndipo adafalikira m'maiko ambiri ngati duwa lokongoletsera. Ku America, nsomba yaminga yaululu yotchedwa lionfish idayamba kuoneka kugombe la Florida m'zaka za m'ma 1980, ndipo akatswiri amakhulupirira kuti idachokera m'mathanki a anthu. Lero yadzaza nyanja ya Caribbean, komwe ikumaliza tinsomba ta kumeneko. Kuno kwathu, mu 2020 ku Mchinji kudabuka matenda a zilonda za nsomba omwe adapha nsomba m'mitsinje ndi m'maiwe a alimi, umboni woti matenda a nsomba akalowa m'madzi kuwabweza n'kovuta.

Wosowa kopita nazo nsomba afunse ku ofesi ya za nsomba ya m'boma lake. Kwa anthu a ku Zomba, malo a boma ofufuzira za ulimi wa nsomba ali pafupi, ku Domasi.

Chuma chili pakhomo

Kodi ndiye kuti galasi lalikulu lotchipa lingosiyidwa? Ayi. Ngati ndi lolimba, likhoza kutsukidwa bwino n'kukhala nyumba ya nsomba zomwe anthu a maiko ena amazilipira ndalama zambiri, koma kwawo ndi konkuno.

Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse yopanda mchere padziko lapansi. Akatswiri amati mitundu ya m'banja la chambo, utaka ndi mbuna ili pakati pa 700 ndi 1,000, ndipo pafupifupi yonse sipezeka kwina. Mbuna, dzina lochokera kwa Atonga a ku Nkhata Bay, ndi tinsomba tokhala m'miyala, ta mitundu yowala: tachikasu, tamtambo, tamizeremizere. Ambiri akationa m'thanki amayesa ta m'nyanja yamchere. Kaamba ka nsombazi, malo otetezedwa a Lake Malawi National Park adakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO lidawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse.

Malonda otumiza nsombazi kunja ndi akale. Malemu Stuart Grant, yemwe adamwalira mu 2007, adayamba ntchitoyi m'zaka za m'ma 1970 ndipo adakhazikika ku Senga Bay m'boma la Salima. Lero mbuna zimaswetsedwa m'maiko ambiri, ndipo m'masitolo a nsomba ku Berlin, London kapena Tokyo dzina loti Malawi limadziwika ngakhale kwa anthu osadziwa komwe dzikoli lili. Chodabwitsa n'chakuti ana ambiri a ku Zomba, mtunda wa maola ochepa kuchokera ku Mangochi, sadaionepo mbuna yamoyo.

Mbuna sizifuna mchere wochokera kunja, nyali zamphamvu kapena skimmer. Zimafuna madzi oyera opanda kulorini, chosefera, mpweya, miyala yambiri yobisalamo ndi chakudya chochokera ku zomera, poti kunyanja zimadya ndere za pamiyala. Ngakhale miyala ndi mchenga wa m'thanki lamchere, zikauma n'kutsukidwa bwino, zimathandiza, chifukwa zimapangitsa madzi kufanana ndi a kunyanja. Bola zikhale zosakhudzidwa ndi mankhwala a kopa aja.

Sikuti ndi zaulere. Chotenthetsera madzi chimafunikabe m'miyezi yozizira, pampu yaing'ono ya batire imapulumutsa nsomba magetsi akathima, ndipo mbuna zazimuna zimamenyana zikasowa pobisala. Sizitengedwanso mwachisawawa: m'malo otetezedwa kugwira nsomba n'koletsedwa, ndipo ochita malonda a nsomba zoonera amayenera kukhala ndi chiphaso. Koma banja lodekha lingakwanitse, ndipo mphoto yake ndi yaikulu. Mbuna yaikazi imasunga mazira m'kamwa kwa masabata pafupifupi atatu, osadya kwenikweni, mpaka tiana titayamba kusambira. Mwana woona zimenezi ndi maso ake pabalaza kapena m'kalasi amayamba kuiona nyanja mwanjira ina.

Choncho wina akakuuzani kuti akugulitsa nyanja ya m'galasi pamtengo wozizira, musathamangire kuthumba. Funsani kaye komwe nsomba zili mmenemo zipite. Werengerani mchere, mayuniti ndi mabatire a chaka chathunthu. Onani makona ndi tochi. Masamuwo akakana, lolani zamoyozo zipite kwa wodziwa kuzisamala, inu mutenge galasi lokha, mukafunse a za nsomba momwe mungapezere mbuna mwalamulo.